Mpezeni Woyamba, ndi Linga Limene Linasanduka Mzinda

Ana ambiri amene aphunzira m'sukulu za ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama mu Lusaka, akafunsidwa za kwawo, ayankha kuti n'ku Chipata, ngakhale ena mwa iwo sanapondeko chibadwire. Mwezi wa Febuluwale ukafika aona makolo awo alikukwera mabasi a kum'mawa, ulendo wa makilomita oposa 500, kukaona mwambo wa Ncwala. Koma mwana wotere akatsegula mapu akale a dziko lino, dzina la Chipata salipeza. Pamalo pake apezapo Fort Jameson. Liwu loyambalo m'Chingerezi litanthauza linga la asilikali. Tsono linga silimangidwa chabe, pakuti omanga ake amakhala ndi munthu amene alikumuopa. Munthu amene Azungu anamuopa m'zigwa zija ndiye Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, mfumu ya Angoni, ndipo mbiri ya mzindawo siimveka bwino popanda mbiri ya moyo wake.

Za linga losanduka mzinda si zachilendo pa dziko lapansi. Mphunzitsi wa mbiri yakale adziwa mzinda wa York ku England. Kale dziko lozungulira mzindawo linali la mtundu wa Brigantes. Mfumukazi yawo, Cartimandua, inafuna kukhala mwamtendere ndi Aroma, koma mwamuna wake Venutius anatsutsana nayo, nailanda ufumu m'chaka cha 69. Pamenepo Aroma analowa m'dzikomo ndi nkhondo, ndipo cha m'ma 71 anamanga linga lawo la Eboracum pamene mitsinje ya Ouse ndi Foss ikomana. Amalonda anadza namanga nyumba zawo kunja kwa linga, mudzi unakula, ndipo asilikali atachoka mudziwo unatsala. Kufikira lero nsanja imodzi ya pangondya ya lingalo ioneka m'kati mwa mzinda, ndi maziko a nyumba ya akulu a nkhondo ali pansi pa tchalitchi chachikulu cha York. Zimene zinachitika kumeneko kalelo zifanana kwambiri ndi zimene zinaoneka kwa Mpezeni, monga nkhani yake ionetsa.

Mwana wa pa ulendo

Mpezeni anabadwa cha m'ma 1830, ndipo dzina lake la paubwana linali Ntuto. Atate ake, Zwangendaba wa mfunda wa Jere, anali nduna ya nkhondo pansi pa Zwide, mfumu ya Andwandwe, ku dziko limene lero lili mu South Africa. Shaka atagonjetsa Andwandwe cha m'ma 1819, Zwangendaba anathawa ndi kagulu ka anthu ake nalunjika kumpoto. Anapyola dziko la Mozambique ndi la Zimbabwe, alikumenya nkhondo ndi kutenga anthu a mitundu ina kuti akhale Angoni. Amake a Ntuto anali Soseya. Chotero mwanayo sanalione konse dziko la makolo ake. Anabadwira m'misasa, nakulira pakati pa ng'ombe, zikopa ndi mikondo.

M'mwezi wa Novembala 1835 Angoni anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo. Tsiku lomwelo kunachita kadamsana, dzuwa linada masana, ndipo chifukwa cha kadamsanayo anthu ophunzira za nyenyezi akhoza kutsimikiza chaka cha kuolokako. Akuluakulu a Angoni asimba kuti Ntuto anaoloka mtsinjewo ali wonyamulidwa, pokhala anali wamng'ono. Angoni anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga, m'dziko la Petauke, napitirira kumpoto kupyola dziko la Achewa ndi la Atumbuka, kufikira anafika ku Ufipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika. Kumeneko, pa mudzi wotchedwa Mapupo, Zwangendaba anamwalira cha m'ma 1848, ana ake asanakhwime.

Imfa imeneyi inaphwasula mtundu. Abale a mfumu anakangana za amene adzasunga ufumu, ndipo nyumba za akazi a mfumu zinakangana za mwana woyenera kulowa. Angoni a ku Chipata anena kuti Mpezeni ndiye anali wa nyumba yaikulu. Angoni a ku Mzimba anena chomwecho za mbale wake M'mbelwa. Mkanganowo sunaweruzidwe pa bwalo, koma unatha ndi kupatukana. Ena anapita kumpoto, ena kum'mawa kwa nyanja ya Malawi, M'mbelwa anatsikira ku Mzimba, ndipo Mpezeni anatenga gawo lake nalowera kumadzulo ndi kumwera. Mnyamatayo anaphunzira msanga kuti ufumu ukhoza kusweka kuchokera m'nyumba mwake momwe.

Dziko latsopano

Poyamba Mpezeni anayesa dziko la Abemba, koma Abemba anali ndi midzi yotchingidwa bwino, ndipo anayamba kupeza mfuti kwa amalonda a ku gombe. Angoni sanathe kukhazikika kumeneko. Anatembenuka naoloka Luangwa, nabwerera kwa Ansenga kumene anapyola ali mwana. Cha m'ma 1870 anasunthira kum'mawa, nakhala m'zigwa zachonde za pakati pa mapiri, kumene lero kuli Chipata. Dzikolo linali la Achewa a mfumu Mkanda, ndipo linali labwino kwa ng'ombe. Pano ulendo wa zaka pafupifupi 50 unathera.

Mpezeni anamanga midzi yaikulu yoyandikana, monga Mtenguleni ndi Luangeni, iliyonse ndi khola la ng'ombe pakati pake. Anyamata a msinkhu umodzi anaikidwa m'gulu limodzi la nkhondo, ndipo chaka ndi chaka, dzinja litapita, magulu amenewa anatuluka kukafunkha. Anthu ogwidwa sanali kukhala akapolo mpaka kale. Anagawidwa m'midzi ya mfumu ndi ya nduna, nakwatira ndi kukwatiwa, ndipo mwamuna wolimba mtima anakhoza kukwera kufikira atakhala nduna, ngakhale anabadwa Mchewa kapena Mnsenga. Chifukwa cha ichi mtundu unakula msanga ndithu. Koma kukulako kunadza ndi mtengo wake: akazi ambiri m'midzimo anali Ansenga, ana anayamwa chinenero cha amawo, ndipo Chingoni cha makolo chinayamba kutsalira m'nyimbo ndi m'mayamiko a mafumu okha. Mpezeni anagonjetsa Ansenga ndi mkondo, koma zidzukulu zake zilankhula mofanana ndi Ansenga kufikira lero.

Sikuyenera kubisa kuti masiku amenewo anali owawa kwa anansi a Angoni. Midzi ya Achewa ndi ya Ansenga inatenthedwa, nkhokwe zinafunkhidwa, ana analekanitsidwa ndi amawo. Ufumu wa Mkanda unagwa, ndi wa Undi, umene unali utafooka kale, unafookeratu. Anthu ena anathawira pamwamba pa mapiri kumene madzi anali osowa, ndipo ena anazinga midzi yawo ndi malinga a dothi ndi a mitengo, nalima minda yaing'ono pafupi ndi chipata kuti athawiremo mfuu ikamveka. Chotero malinga oyamba amene anamangidwa chifukwa cha Mpezeni sanali a Azungu ayi, koma a anthu akuda anzake.

Alendo a mapepala

M'chaka cha 1885 kunafika Mjeremani wina, dzina lake Carl Wiese, wamalonda a minyanga ya njovu wochokera ku Tete. Iye anadziwa kukhala ndi mfumu. Anabweretsa nsalu, mikanda ndi onga, nakhala bwenzi lake ndi mlangizi wake pa nkhani za Azungu. Panthawiyo Angerezi ndi Apwitikizi anali kulimbirana maiko a kumpoto kwa Zambezi. M'chaka cha 1890 Alfred Sharpe anafika kwa Mpezeni kudzapempha pangano m'dzina la Angerezi, koma mfumu inakana. Inaona kuti inali ndi ankhondo zikwi zambiri, ndipo sinasowe chitetezo cha munthu wina aliyense. Wiese yekha ndiye analandira chilolezo, m'chaka cha 1891, cha kufuna miyala ya mtengo wapatali m'dzikomo.

Zinthu ziwiri zinachitika kutali, Mpezeni osafunsidwa. Choyamba, m'mwezi wa Juni 1891 maboma a Britain ndi Portugal anapangana malire, ndipo dziko la Mpezeni linagwera kumbali ya Angerezi. Chachiwiri, Wiese anagulitsa pepala lake lija, ndipo linafika m'manja a kampani ya ku London yotchedwa North Charterland Exploration Company. Kampaniyo inagwirizana ndi British South Africa Company ya Cecil Rhodes, niyesa dziko la masikweya mailo 10,000 kukhala lake. Kwa Mngoni, kulola mlendo kukumba kapena kusaka kunali ngati kum'bwereketsa munda, umene mwini angaulande tsiku lililonse. Kwa anthu a ku London, pepalalo linali umboni wa kugula. Mbiri inamvekanso ku Ulaya kuti dziko la Mpezeni linali lodzala ndi golide, ndipo anthu anagula magawo a kampaniyo ndi chiyembekezo chimenecho.

M'chaka cha 1896 anthu a kampani anafika, nayamba kuyendayenda m'mapiri ndi nyundo zawo, namanga misasa. Pafupi ndi Luangeni penipeni anamanga linga laling'ono, limene lidziwika ndi dzina la Fort Young. Chakumpoto, m'dziko la mfumu Chinunda, kunamangidwa linga lina lotchedwa Fort Jameson, kutengera dzina la Leander Starr Jameson, bwenzi la Rhodes. Kum'mawa kunali asilikali a boma la Nyasaland. Angoni, amene anazolowera kuzinga anzawo, anaona kuti tsopano ozingidwa anali iwo.

Atate ndi mwana

Pamenepa m'nyumba ya mfumu munabuka kusiyana kwa maganizo. Mpezeni anali nkhalamba ya zaka zoposa 65. M'zaka zochepa zapitazo mafumu amphamvu anali atagwa mmodzi mmodzi: Lobengula wa Andebele mu 1893, Ngungunyana wa ku Gaza ndi Mwase wa ku Kasungu kumapeto kwa 1895, ndi Gomani wa Angoni a ku Ntcheu, amene anaphedwa ndi asilikali a boma mu 1896. Mpezeni anasankha njira ya kuleza mtima, ya kulandira mphatso ndi kuchedwetsa mayankho, kuti Azungu akhale m'dzikomo monga alendo ake. Koma mwana wake Nsingo, mtsogoleri wa magulu a nkhondo, anaona zina. Anaona kuti mlendo womanga linga pakhomo pa mwini mudzi salinso mlendo, kuti Achewa ogonjetsedwa anayamba kuthawira kwa Azungu, ndi kuti anyamata oletsedwa kufunkha analibenso njira ya kupezera ng'ombe kapena ulemu. Anyamata ndi nduna zambiri anatsata Nsingo, ndipo mawu a nkhalamba anayamba kupepuka.

Nkovuta kunena kuti wolakwa anali uyu kapena uyo. Atate anadziwa kuti nkhondo idzathera m'kugonja. Mwana anadziwa kuti mtendere wotere udzatheranso m'kugonja. Onse awiri anaona zoona, ndipo panalibe njira yachitatu.

M'mwezi wa Disembala 1897 ankhondo a Nsingo anazinga Wiese ndi anzake ku Luangeni. Wiese anatumiza uthenga wopempha thandizo, ndipo boma la Nyasaland, limene linali lokonzeka kale, linatumiza asilikali akuda ndi Amwenye a mtundu wa Sikh, otsogozedwa ndi akapitao Achingerezi, pansi pa Colonel William Manning. Anadza ndi mizinga ndi mfuti za chiwaya. M'mwezi wa Januwale 1898 anafika ku Luangeni namasula ozingidwa aja. Angoni anaima m'mizere yawo ndi zikopa ndi mikondo, monga anachitira makolo awo, koma mkondo uyenera kufika pafupi kuti ugwire ntchito, ndipo chiwaya sichinawalole kuyandikira. M'masabata owerengeka midzi yaikulu inatenthedwa, ankhondo anabalalika m'mapiri, ndipo ng'ombe zoposa 10,000 zinalandidwa. Kumayambiriro kwa Febuluwale Nsingo anagwidwa, naweruzidwa ndi bwalo la asilikali, naomberedwa ndi mfuti. Patapita masiku ochepa Mpezeni anadzipereka yekha.

Masiku otsiriza

Nkhalambayo inatengedwa kupita ku Fort Manning, kumene lero ndi ku Mchinji m'dziko la Malawi, nisungidwa kumeneko monga chaka chimodzi. Pambuyo pake inaloledwa kubwerera kwawo, ndi dzina la ufumu koma yopanda mphamvu yake. Magulu a nkhondo anathetsedwa, midzi yaikulu inagawika kukhala timidzi tating'ono, ndipo mwambo wa Ncwala, umene unali kusonkhanitsa mtundu wonse pamaso pa mfumu polawa zakudya zatsopano, unalekeka. M'masiku omwewo Mpezeni analola kuti amishoni alowe m'dziko lake, ndipo pa 5 Julayi 1899 abusa P. J. Smit ndi J. M. Hofmeyr a mpingo wa Dutch Reformed anayamba ntchito ku Magwero. Kuchokera pamenepo sukulu za m'midzi zinayamba kufalikira m'dzikomo. Mpezeni anamwalira m'chaka cha 1900. Ufumu unapita kwa mdzukulu wake Chiloa, mwana wa Nsingo, amene anakhala Mpezeni Wachiwiri. Chotero mwazi wa atate woleza mtima ndi wa mwana wankhondo unakomananso pa mpando umodzi.

Linga lisanduka mzinda

Nkhondo itatha, linga la kwa Chinunda linalibenso ntchito. M'chaka cha 1899 Robert Codrington, woyang'anira dzikolo m'dzina la British South Africa Company, anakhazikitsa boma lake pakati pa dziko la Angoni, m'chigwa cha pafupi ndi mudzi wa nduna Kapatamoyo, ndipo dzina la Fort Jameson linasamukira kumeneko. Malowo anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911, pamene dzikolo linaphatikizidwa ndi la kumadzulo, likulu nikukhala ku Livingstone. Monga zinachitikira ku York, amalonda anatsata asilikali. Amwenye anatsegula masitolo, Azungu anatsegula minda ya fodya, ndipo mudzi unakula.

Golide wochuluka uja, amene nkhondo inamenyedwera, sanapezeke. Chuma chenicheni cha kampani chinakhala nthaka ndi anthu. Msonkho wa nyumba unaikidwa, ndipo amuna amene analandidwa ng'ombe analibe chogulitsa koma mphamvu za manja awo. Anayamba kuyenda pansi kupita ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia. Otsala anapanikizidwa m'malo opatulidwira anthu akuda, mmene nthaka inaguga chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, kufikira boma linagulanso dziko la kampaniyo mu 1941. Lusaka itakhala likulu mu 1935, ambiri a kum'mawa analunjika kumeneko, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Chinyanja chimvekera m'misika ya ku Kanyama ndi ku Matero. Mwana uja wonena kuti kwawo n'ku Chipata ali kumapeto a njira imene inayamba mu 1898.

Zambia italandira ufulu mu 1964, maina a malinga anachotsedwa. Fort Rosebery inakhala Mansa, ndi Fort Jameson inakhala Chipata, dzina lonena za mpata wa pakati pa mapiri. Mu 1980, m'masiku a Mpezeni Wachitatu, Ncwala inayambanso kuchitika, ndipo ichitikira ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale. Mu 2010 njanji inalumikiza Chipata ndi Mchinji, ndiko kuti mudzi wa Mpezeni ndi malo a ukaidi wake. Pa 24 Febuluwale 2017 Chipata inalengezedwa kukhala mzinda. Zotsala za Fort Young zili chakumwera kwa mzindawo, ndipo zili m'gulu la malo akale otetezedwa ndi boma. Aroma anamanga ndi miyala, chotero zotsala zawo zioneka patali. Malinga a kuno anali a dothi, njerwa ndi mitengo, ndipo mvula, chiswe ndi khasu zawafafaniza msanga. Chifukwa chake chimene miyala ichita ku York, kuno chiyenera kuchitidwa ndi pakamwa pa akuluakulu ndi choko cha mphunzitsi.

Mawu kwa mphunzitsi

Mphunzitsi wa kum'mawa akaimirira kusimba nkhaniyi, pa mabenchi pamakhala ana a Jere ndi a Phiri, a Banda ndi a Tembo, a Lungu ndi a Mwanza. Makolo a ena anagwira mkondo, makolo a ena anabisala m'linga, ndipo ambiri ali ndi mwazi wa mbali zonse ziwiri. Akasimba za Mpezeni monga ngwazi yokha, alakwira ana a iwo amene midzi yawo inatenthedwa. Akasimba za iye monga wachifwamba yekha, abwereza mawu a kampani imene inafuna chifukwa cha kulandira dziko. Akayamika Nsingo ndi kunyoza atate ake monga wamantha, aiwala kuti nkhalambayo inatsogolera anthu ake kuchokera ku Ufipa, niwapezera dziko, niwasunga zaka pafupifupi 50, ndi kuti inaona mapeto a nkhondo ija isanayambe. Ana akhoza kusenza nkhani yonse, ngati mphunzitsi aipereka mwachilungamo.

Pali ntchito imene ana angachite yosafuna buku. Afunse agogo awo kumene kunali linga pafupi ndi mudzi wawo, amene analimanga, ndi amene anali kumuopa. Ajambule mapu a njira ya Angoni kuchokera ku Zumbo, kupita ku Ufipa, kubwerera ku Chipata, nalembepo zaka. Sukulu ikakhala pafupi ndi mtumbira wa linga lakale, mphunzitsi apite nawo anawo, ayese utali wake ndi mapazi, nalembe zimene apeza m'buku la sukulu pamodzi ndi maina a okalamba amene anawauza. Okalamba odziwa malo amenewa alikutha, ndipo chaka chilichonse khasu lichotsako gawo lina la mtumbirawo.